Kupima cimanga n'kochipa kuposa kubweza unga woipa

Mu August 2024, Nduna ya Zaumoyo a Elijah Muchima analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya cakudya ca cimanga cokhala ndi poizoni wa cuku, wochedwa aflatoxin. Boma litapima zitsanzo 25 zocokera kumakampani ogaya, pafupifupi theka zinapezeka ndi poizoniyu mopyola muyezo, ndipo unga wokhudzidwawo unacotsedwa pamsika.

Nkhaniyi inaonetsa cimene cimadula kwenikweni. Kupima kumangofuna cimanga cocepa cotapidwa m'matumba cisanagayidwe. Kubweza katundu kumatayitsa ndalama zogayira, zolongedzera ndi zonyamulira, pamodzi ndi mbiri ya kampani. Ndiponso wailesi yakufa mungakasinthitse kusitolo, koma nsima yodyedwa kale siibwezedwa. Poizoniyu satha ndi kuphika, ndipo amayambitsa khansa ya ciwindi.

Kwa alimi a ku Pembamoyo m'boma la Vubwi, amene amagayitsa cimanga cao cosadutsa kwa opima, citetezo cili pakhomo: kuumitsa bwino cimanga ndi nshawa, kucotsa zoola, ndi kusunga zokolola pouma. Ogula mbeu naonso ayenera kupima cinyezi asanalipire.