Nyimbo yonenepa, mawu omira: mlandu wa okonza nyimbo ku Glen View

Ku Glen View, monganso ku Mbare ndi ku Highfield, situdiyo ya masiku ano ndi kachipinda ka kuseri kwa nyumba, laputopu imodzi, mahedifoni ndi pulogalamu ya FL Studio. Pamenepa palibe chodandaulitsa, pakuti kompyuta yatsegulira khomo achinyamata amene sakanakwanitsa kugula zida za bandi. Chodandaulitsa ndi chiphunzitso chimene chamera m'tizipindamo, chakuti nyimbo yabwino ndi yonenepa, ndipo kuti inenepe pafunika kusanjikiza mamvekedwe ochuluka pamalo amodzi. Mawu a woimba akamira m'chiphokosocho, mlandu umagwera chilankhulo: ati Chinyanja sichikhala bwino pa biti. Limeneli ndi bodza, ndipo wolakwa ndi wokonza nyimboyo.

Tsatanetsatane wake ndi uyu. Mu 1996 kampani ya Roland inatulutsa synthesizer ya JP-8000, yokhala ndi kamvekedwe kotchedwa supersaw, komwe ndi mafunde asanu ndi awiri olira pamodzi, osiyanitsidwa pang'ono dala kuti amveke okhuthala. Lero mapulogalamu ambiri amatengera kamvekedwe kameneka. Mnyamata akasanjikiza atatu otere, ndiye kuti waika mafunde 21 pa noti imodzi, asanawonjezepo piyano, malipenga ndi zingwe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Zonsezi zimadzaza chigawo cha pakati pa 1,000 ndi 4,000 Hz, ndipo m'chigawo chomwechi ndi mmene khutu limazindikirira zambiri zosiyanitsa mawu a munthu. Khutu lili ndi lamulo lake: phokoso lalikulu limaphimba laling'ono loyandikana nalo. Kukweza mawu a woimba sikuchiza nthendayi, kumangowonjezera mkangano.

Chinyanja chimapwetekeka msanga pa nkhondo imeneyi. Kusiyana kwa pala ndi phala, kapena kwa kola ndi khola, kuli pa kampweya kakang'ono kotuluka pambuyo pa p kapena k, kosatha ngakhale theka la sekondi. Kampweyako kakaphimbidwa, liwu lasanduka lina. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amasiyana pa kakwezedwe ka mawu kokha, ndipo woimba akapanikizidwa ndi Auto-Tune mopyola muyeso, womvera amatsala ndi ziganizo zongoyerekeza. Amene akuti chilankhulo sichikhala pa biti ayambe wafunsa ngati anachisiyira pokhala.

Gwero lina la vutoli ndi kakonzedwe ka Zimdancehall, momwe riddim imodzi imaphikidwa woimba asanabwere, kenako oimba ambiri n'kuikapo mawu awo mosinthana. Wokonza amaimvera ili yokha, naona ngati ili ndi mipata, ndipo amatseka mpata uliwonse. Sadziwa kuti mipatayo ndi malo a munthu amene sanafike. Komanso iye amamvera pa mahedifoni, pomwe omvera ake adzaimva pa kasipika ka foni kapena m'kombi yopita m'tauni. Pamenepo mafunde osiyana pang'ono aja, akapanikizidwa m'sipika imodzi, ena amafafanizana, ndipo kunenepa konse kuja kumasanduka matope.

Ena adzati kusanjikiza ndi mwambo wa kuno, wosachokera kwa azungu. Akunena zoona, koma umboni wawowo ndi umene ukuwatsutsa. Pa bwalo la Gule Wamkulu, amene ku Zimbabwe amatchedwa Zvigure ndipo UNESCO inamulemekeza mu 2005, mbalule ndi mpanje sizilira mofanana. Iliyonse ili ndi mawu ake ndi nthawi yake, ndipo nyimbo ya amayi imamveka pamwamba pa zonsezo. Oimba mbira a Chishona ali ndi kushaura ndi kutsinhira, wina kulowa pamene mnzake wasiya. Sungura nayo ndi yodzaza, magitala atatu akuthamanga pamodzi, koma m'nyimbo zimene Nicholas Zakaria wa Khiama Boys ndi Alick Macheso wa Orchestra Mberikwazvo anaimba m'Chichewa, liwu lililonse limafika kwa womvera. Makolo ankalukana, sankaunjikana. Kuluka kumafuna kuti wina akhale chete pamene mnzake akulankhula.

Nkhaniyi ndi yoposa ya zida. Ku Glen View kuli zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland, ku Chipata ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za ku Salisbury. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo wailesi ya National FM imaulutsa m'chilankhulochi. Komabe m'makomo ambiri ana amayankha agogo awo m'Chishona. Nyimbo ndi limodzi mwa mabwalo ochepa otsala pomwe mwana wotereyu angamve Chinyanja pagulu popanda manyazi. Wokonza amene wamiza vesi ya Chinyanja pansi pa mafunde 21 watseka bwalo limenelo ndi dzanja lake.

Akalipentala a ku Area 8, omwe mipando yawo imagulidwa mu Harare monse, amadziwa kuti thabwa lililonse pa sofa lili ndi chimene likunyamula. Wokonza nyimbo aphunzire kwa aneba akewa. Kamvekedwe kalikonse kayankhe funso lakuti kakugwira ntchito yanji. Kolephera kuyankha kachotsedwe. Otsalawo achepetsedwe pa chigawo cha mawu a munthu, ndipo ena atonthole woimba akayamba. Pomaliza, nyimboyo iikidwe pa foni wamba, ipatsidwe kwa agogo olankhula Chinyanja. Akalephera kubwereza mawu a vesi yoyamba, mnyamatayo abwerere ku laputopu yake akachotse zina.