Musanagule kamera ya kanema, yambani mwamvetsera

Mabanja ambiri a ku Malindi ndi midzi ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi ayamba kufunsa kuti agule kamera yotani yojambulira kanema. Ena akufuna kujambula kwaya, ena ukwati wa mwana, ndipo achinyamata ena alemba sewero lawo limene akufuna lisanduke filimu. Langizo lathu ndi lakuti posankha kamera khutu litsogole, diso libwere pambuyo. Anthu amapirira chithunzi chosawala bwino, koma akalephera kumva zimene zikunenedwa amausiya kanemayo asanafike pakati.

Nkhani zoti tijambule zilipo zambiri pakhomo pathu pomwe. M'chaka cha 2012 Shemu Joyah anatulutsa filimu ya The Last Fishing Boat, yonena za msodzi wa pa Nyanja ya Malawi amene ntchito yake ikulowa pansi. Nafenso tili ndi agogo amene akukumbukira masiku amene chambo chinali chochuluka, ndi amayi achikulire amene anachiritsa ana awo onse ku chipatala cha St Martin's. Nkhani zawo, kaya za m'Chiyao kaya za m'Chichewa, sizinalembedwe pena paliponse. Tikawajambula mawu n'kutayika ndi mphepo, mwina mpata wina wowajambulanso sudzapezeka.

Choncho chinthu choyamba kuyang'ana pa kamera ndi kabowo kolumikizira maikolofoni, ka 3.5 mm. Maikolofoni ya mkati mwa kamera imatola chilichonse chimene chili pafupi nayo: mafunde, injini ya boti, ngakhale kupuma kwa wojambula. Mphepo ya mwera ikayamba, makamaka kuyambira June mpaka August, imangomveka ngati mabingu. Mankhwala ake ndi kamaikolofoni kokoloweka pa malaya a wolankhula, kovekedwa kachipewa ka ubweya kotchinga mphepo. Koma si kamera iliyonse imene ingalandire kamaikolofoni kotere. Sony HDR-CX405, imene inagulidwa kwambiri chifukwa chotsika mtengo, ilibe kabowoka. Panasonic HC-V770 ili nako, ndipo ili ndi kenanso kolumikizira mahedifoni, kuti wojambula azimva mawu pamene akujambula, osadikira kukakhumudwa atafika kunyumba.

Tikatsimikiza za mawu, tibwere ku manambala olembedwa pa bokosi. Full HD ndi chithunzi cha timadontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi. Chithunzi cha 4K chili ndi timadontho 3840 ndi 2160, kutanthauza kuwirikiza kanayi. Wogulitsa adzatamanda 4K, koma tiwerengetse kaye. Ola limodzi la Full HD pa mlingo wapakatikati limadya pafupifupi 8 GB, pamene ola limodzi la 4K pa mlingo wapamwamba limadya pafupifupi 45 GB. Khadi ya 64 GB imene ingasunge mwambo wa tsiku lonse mu Full HD imadzaza pasanathe ola ndi theka mu 4K. Kanema wa 4K amafunanso kompyuta yamphamvu pomukonza, ndipo akatumizidwa pa WhatsApp amafinyidwa mpaka kusiyanako kusaonekanso. Kwa banja limene lidzaonera pa TV ya pabalaza kapena pa foni, Full HD ndi yokwanira. Ndalama zotsalazo zigule maikolofoni, batire yachiwiri ndi choimikapo kamera cha miyendo itatu.

Tisamale ndi makamera opanda dzina lodziwika amene alembedwa 4K ndi zilembo zikuluzikulu koma mtengo wake uli wotsika modabwitsa. Ambiri mwa iwo amangokulitsa chithunzi chaching'ono. Kamera yakale ya Sony, Panasonic, Canon kapena JVC imene inasamalidwa bwino nthawi zambiri imawaposa. Makhadi achinyengo nawonso aliko: pamwamba palembedwa 128 GB koma mkati muli malo ochepa, ndipo zojambula zimasowa khadi ikangodzaza malo ake enieniwo. Khadi yatsopano tiyambe taidzaza ndi kuonera zonse zimene talowetsamo tsiku la mwambo lisanafike. Pa Full HD khadi ikhale ya Class 10, ndipo pa 4K ikhale yolembedwa U3 kapena V30.

Nambala ina yonyenga ndi ya zumu, kumene kuli kukokera pafupi chinthu chakutali. Zumu ilipo ya mitundu iwiri. Yolembedwa optical imagwira ntchito ndi magalasi a kamera, ndipo chithunzi chimakhalabe chakuthwa. Yolembedwa digital imangodula chithunzi ndi kuchikulitsa, mpaka nkhope n'kusanduka mabwalobwalo. Bokosi likanena kuti limakokera kokwana 300, tifufuze nambala ya optical, imene pa makamera a m'banja imakhala pa 20 kapena 30. Imeneyo ndi yokwanira kujambula bwato lili patali, kapena ubatizo wa m'nyanja wojambula ataima pamtunda. Tikumbukirenso kuti tikakokera kwambiri, kunjenjemera kwa dzanja kumakula. Kamera ikhale ndi chida chochepetsa kugwedezeka, ndipo pojambula zotalika ikhale pa choimikapo chake.

Kuwala nako kuli ndi khalidwe lake ku Malindi. Popeza malowa ali kum'mawa kwa nyanja, dzuwa limalowera cha kumadzi. Tikajambula munthu madzulo nyanja ili kumbuyo kwake, nkhope yake imada bii. Chithunzi chotero chimatuluka bwino m'mawa, dzuwa lili kumbuyo kwa wojambula. Usiku ndiye mayeso enieni. Amene akufuna kujambula asodzi a usipa ndi nyali zawo adziwe kuti kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa makamera otsika mtengo n'kakang'ono kwambiri, ndipo mumdima chithunzi chimachita mchengamchenga. Makamera okhala ndi kachipangizo kokula inchi imodzi, monga Sony FDR-AX700, amaona bwino mumdima, koma mtengo wake ndi waukulu. Ngati zambiri zimene tidzajambule ndi za masana, palibe chifukwa cholowera m'ngongole.

Makamera ambiri amafika kuno kudzera mwa abale amene ali kunja, choncho tiwauziretu chimene tikufuna. Magetsi a ku Malawi amayenda pa 50 Hz, ndipo kamera yogwirizana nawo ndi yojambula zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi. Ya ku South Africa ndi ya ku United Kingdom ili choncho. Ya ku America imajambula 30 kapena 60, ndipo pansi pa mababu ena a m'nyumba chithunzi chake chimaphethiraphethira. Makamera ena opangidwira msika wa ku Japan mokha amalemba malangizo onse m'Chijapani ndipo sasinthika. Mbale wathu asanalipire ku Johannesburg, atitumizire dzina ndi nambala ya kamerayo kuti tiifufuze.

Kamera yabwino ingafe msanga ngati sitiganizira nyengo yathu. Kutentha kwa October ndi November kumafooketsa batire, choncho kamera isasiyidwe padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Mchenga ukalowa m'magalasi oyenda, kukonza kwake n'kovuta. Tisaiike pansi kugombe, ndipo posintha khadi tifulatire mphepo. Chinyezi cha m'dzinja chimameretsa nkhungu mkati mwa galasi, ndiye tiziisunga m'chidebe chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato. Popeza magetsi amathima, tisankhe kamera ya batire yochotseka, imene ina yosinthira ikupezekabe pamsika. Yotchajika kudzera pa USB ndi yabwino koposa, chifukwa sola ya pakhomo ingaithandize.

Mabanja ena safunika kugula kamera n'komwe. Mafoni ambiri a masiku ano amajambula Full HD, ndipo foni yokhala ndi kamaikolofoni kabwino ingatole bwino nkhani ya agogo atakhala pakhonde. Kamera imapambana foni pa zinthu zitatu: imakokera patali popanda kuwononga chithunzi, imajambula kwa maola osatentha msanga, ndipo palibe amene angaimbe pakati pa malumbiro a ukwati. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja anakwera mtengo kwambiri. Kamera isadye fizi ya ana kapena ndalama ya feteleza. Mabanja angapo kapena gulu la achinyamata angasonkhe n'kugula imodzi, atagwirizana za woisunga ndi za wolipira ikawonongeka.

Pali chinthu chimene kamera iliyonse ilibe, ndicho ulemu. Kugombe anthu amasamba, amachapa, ndipo ana amasewera osavala. Zumu yamphamvu imatha kujambula munthu iye osadziwa, ndipo kanema akangolowa pa Facebook sabwezeka. Tizipempha chilolezo tisanajambule, ndipo pa ana tizipempha kwa makolo awo. Anansi athu ambiri ndi Asilamu, ndipo ali ndi miyambo imene safuna kuti ijambulidwe. Akakana, kamera ibwerere m'chikwama. Pojambula filimu m'mudzi kapena pa doko, tiyambe taonana ndi amfumu. Amene tawajambula akhale oyamba kuonera kanemayo.

Tsiku logula, tinyamule khadi yathu ndi kamaikolofoni kathu. Tijambule munthu akulankhula panja pali mphepo, tijambulenso m'chipinda cha mdima pang'ono, kenaka tikokere zumu mpaka pamapeto. Tikatero timvetsere ndi mahedifoni, maso titatsinzina. Ngati mawu onse akumveka, titsegule maso n'kuona chithunzi. Wogulitsa akakana kuti tiyese, ndalama zathu zibwerere nafe kunyumba. Ndipo tikajambula agogo, zojambulazo tizisunge malo awiri osiyana tsiku lomwelo, chifukwa khadi imawonongeka osachenjeza.