Salsa ivinidwe, koma wang'oma wa ku Nsaru asabwerere ndi Fanta yokha

Chiyambireni Lake of Stars ku Chintheche mu 2004, zikondwerero za nyimbo zamera m'dziko muno ngati bowa wa m'Januwale. Tsopano kwabwera chinanso. M'mahotela a m'tauni ndi pa zikondwerero zina mumamva kuti kukhala mphunzitsi wa salsa kapena bachata, wofuna kuphunzira alipire pakhomo. Mnyamata agwira mtsikana dzanja, amuzungulitsa, mapazi akutsata kuwerenga kwa mphunzitsi. Akuluakulu ena ayamba kale kung'ung'udza kuti magule achilendowa atiwonongera ana, ndipo pamapeto a madandaulo otere sipalephera mawu aja akuti "boma lichitepo kanthu".

Amalawi anzanga, mawu amenewa tidawamvapo kale, ndipo tikudziwa komwe adatifikitsa. Mu 1968 boma lidachitapo kanthu, lidakhazikitsa lamulo lopatsa bungwe la anthu ochepa mphamvu yosankha nyimbo, mabuku ndi mafilimu oyenera Mmalawi. Nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia idaletsedwa chifukwa cha dzina lokha. Mu 1973 boma lidachitaponso kanthu, likuletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yaifupi. Koma kuvina sikudaletsedwe ayi, kudalamulidwa. Funsani agogo a ku Mpingu kapena ku Namitete za malole omwe ankafika tambala asanalire kudzatenga mbumba, munda uli wosapalira, mwana ali ndi malungo, kuti akavine pabwalo la ndege dzuwa likuswa mtengo. Wokana ankaonana ndi ayufi. Panalibe dziko lovina ngati lathu, komanso panalibe wofunsidwa ngati akufuna kuvinako.

Pa 14 June 1993 nyali idagonjetsa tambala wakuda. Tisanamizane, kuno kuchigawo chapakati ambiri adavotera tambala, koma ufuluwo udagwera aliyense ngati mvula, ndipo m'kati mwake muli ufulu wa mtsikana wa ku Kabudula wovina chimtali Loweruka, salsa Lamulungu, kapena kukhala pansi osavina konse. Amene akuganiza kuti nkhondo imeneyi idatha akumbukire Januwale 2012, pamene anyamata ena ogulitsa malonda adavula amayi ovala thalauzi m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre, nawonso akuti akuteteza chikhalidwe.

Nanga salsayo ndi mlendo wotani? Dzinali lidatchuka ku New York m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, makamaka kudzera ku kampani ya Fania yomwe Johnny Pacheco ndi Jerry Masucci adayambitsa mu 1964. Koma msana wa nyimboyo ndi wa ku Cuba, ndipo ng'oma za ku Cuba zidawoloka nyanja ndi akapolo ochokera ku Congo, kumadzulo kwa Africa, ena mpaka ku Mozambique kuno. Ukapolo pachilumbapo udatha mu 1886 mokha. Kenaka nyimbozo zidabwerera kwawo pa mbale za galamafoni zotchedwa GV, anyamata a ku Léopoldville adazimva, adazizindikira, ndipo adaphikamo rumba ya Grand Kallé, Franco ndi Tabu Ley. Mu 1974, nkhonya ya Muhammad Ali ndi George Foreman isanachitike, Celia Cruz adayimba ku Kinshasa ndi gulu la Fania, anthu navina ngati alandira mlongo wawo. Inu amene mudakhala zaka ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam mukudikira kuti kwanu kuche, kodi si rumba yomweyi idakusungani mtima? Kwasakwasa ya Kanda Bongo Man idavinidwa pa golosale iliyonse ya pa Nsaru, ndipo sindidamve kuti mfumu idataya chipewa chifukwa cha iyo. Mu 2021 UNESCO idaika rumba ya ku Congo pa mndandanda wa chuma cha anthu onse, mndandanda womwewo pomwe pali Gule Wamkulu wathu, yemwe adalemekezedwa mu 2005.

Chikhalidwe cha Achewa sichidakhalepo mphika wadothi wofuna kuunyamula ndi manja awiri. Mganda, womwe lero timaulumbirira kuti ngwathu, udabadwa pamene makolo athu adaona perete wa asilikali a atsamunda, nautenga, nauseka, nasandutsa lipenga kukhala badza la chikho. Kabudula woyera ndi masokosi aja sadachokere kwa Kalonga. Gule Wamkulu yemwe ndiye katswiri wa kumeza mlendo. Amishoni atafika ndi kuyamba kudula mumpingo aliyense wopita kudambwe, monga akulu a ku Nambuma angakuuzeni, gule adangotulutsa Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya, mzungu ndi chipembedzo chake nalowa m'bwalo kudzasekedwa. Patapita zaka, wansembe wa mpingo womwewo, Bambo Claude Boucher, ndiye adatsegula Kungoni ku Mua mu 1976 ndi kuyamba kusunga mbiri ya zilombo zomwe anzake oyamba ankazitcha za Satana. Gule amene adapirira amishoni, atsamunda ndi chipani chimodzi sangafe chifukwa cha mphunzitsi wa salsa wa masiku awiri. Sindidzadabwa tsiku lina chilombo chikadzatuluka ku Kabudula chitavala nsapato zazitali chikuzungulira ngati mtsikana wa ku Havana.

Chomwe chimandiwawa ine chili pa thumba. Taonani momwe chikondwerero chimayendera. Mphunzitsi wa salsa dzina lake lili pa chikwangwani, ali ndi ola lake, chipinda chake, malipiro omwe adagwirizana kale, ndipo akamalankhula anthu amakhala chete chifukwa ndi mphunzitsi. Nzabwino, ntchito yake ndi yomweyo. Tsono taonani gulu la kumudzi. Latengedwa pa lole m'mamawa, pa ndandanda alilemba kuti "magule a makolo" popanda dzina la mudzi, la woyimba ng'oma kapena la mayi wotsogolera nyimbo. Lidikira padzuwa mpaka mlendo wolemekezeka afike, livina mphindi khumi, wolengeza alidula pakati poti nthawi yatha, alendo ajambula pa foni, kenaka Fanta ndi banzi, lole ibwerere. Bambo amene wakhala zaka makumi atatu akuphunzira kuwamba ng'oma, kuiwotha pamoto ndi kumata phula kuti ilire bwino amawerengedwa ngati chokongoletsa pabwalo, chimodzimodzi maluwa a pa nsanja.

Kodi zimenezi zikusiyana pati ndi lole ya mbumba ija? Nsalu zokha ndiye zakhala zikusintha mtundu chiyambire 1994, zachikasu, zabuluu, zalalanje, koma maganizo akuti munthu wakumudzi adabadwira kuvinira bwana kwaulere sadasunthe. Odandaula za salsa akadakhala kuti amakondadi chikhalidwe, apa ndiye akadakwezera mawu.

Okonza zikondwerero angayambe ndi chinthu chaching'ono. Pomwe pali ola la salsa pakhalenso ola la chimtali kapena mganda, lophunzitsa osati longoonetsa, mphunzitsi wake atchulidwe dzina ndi mudzi, ndipo alandire ndalama yofanana ndi ya mnzake uja. Ana athu a ku Area 47 ndi ku Namiwawa, ena obadwira ku Harare ndi ku London, amene mapazi awo amadziwa salsa koma sadziwa polowera m'bwalo la chimtali, adzalipira mosangalala, ndipo alendo akunja ndiye adzaima pamzere. Za kudambwe zikhale kudambwe, palibe akupempha kuti zinsinsi zigulitsidwe pa geti. Za Gule Wamkulu eni ake ndi mafumu, ndipo ndi iwo oyenera kunena liti, kuti ndiponso pa mtengo wanji. Mgwirizano ulembedwe pa pepala gulu lisanakwere lole, ndalama iperekedwe m'manja mwa ovinawo, isadutse mwa mkhalapakati amene amatuluka ndi theka.

Ndipo sikuti chikondwerero chiyenera kukhala kunyanja kapena ku hotela nthawi zonse. Tumaini idayamba mu 2014 mu kampu ya othawa kwawo ya Dzaleka ku Dowa, ndipo anthu a m'tauni akhala akupita komweko ndi galimoto zawo. Namitete ili pa msewu wa tala wa ku Mchinji, ulendo wa ola limodzi kuchokera mumzinda. Fodya akagulitsidwa, mtedza ukakumbidwa, mabwalo amakhala opanda ntchito ndipo ng'oma zimakhala zowamba kale. Mphunzitsi wa salsa akwere minibasi abwere adzaphunzitse komweko m'mawa, madzulo avule nsapato alipire yekha kwa amayi a chimtali.