Wodwala khansa ndi foni yake ku Johannesburg

Amalawi ambiri odwala khansa kuno ku Johannesburg amathera ku chipatala cha Charlotte Maxeke kapena cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto. Chipatala cha Charlotte Maxeke chitapsa mu 2021, mzere wa odikira chithandizo cha radiotherapy unatalika kwambiri. Wodwala akakumana ndi dokotala, nthawi imakhala yochepa, zokambazo zili m'Chingerezi. Akatuluka amatsegula foni, ndipo sindingamudzudzule.

Ena amati intaneti ndi yodzaza mabodza, choncho wodwala asaiyandikire. Mabodzawo alipodi: pa WhatsApp pamayenda mauthenga akuti masamba a soursop kapena soda amachiza khansa, ndipo wowakhulupirira angathe kusiya chemotherapy. Koma kumuletsa kuwerenga sikumuchotsera mafunso, kumangomuphunzitsa kubisa. Mayi amene akumwa mankhwala azitsamba mwamseri ali pangozi, chifukwa ena amasokonezana ndi a kuchipatala. Bwino awerenge zochokera ku mabungwe a khansa odziwika ngati CANSA, alembe mafunso papepala, atenge wachibale womva Chingerezi. Dokotala yekha ndiye waona zotsatira za biopsy ndi pamene khansayo yafika, Google sinazione. Naye dokotala azifunsa modekha: “Mwawerenga zotani, mayi?”