Chuma cha ku Chongoni sichili m'kabokosi

Pomwe webusaiti ya Geocaching.com inkayamba ku America mu 2000, inali ndi malo 75 okha omwe anthu adabisako timabokosi toti anzawo asake ndi makina a GPS. Lero timabokosito tapitirira 3 miliyoni padziko lonse, ndipo foni yam'manja ikukwanira kukulondolerani.

Masewerawa ndi abwino, koma ife a ku Dedza chuma tili nacho kale. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pamiyala, omwe UNESCO idawazindikira mu 2006. Foni ingakufikitseni pathanthwe, koma tanthauzo la zojambula za chinamwali ndi Nyau lili ndi akuluakulu am'midzi yozungulira.

Makolo, pitani ndi ana mukafunse, ndipo musakhudze zojambulazo. Zikafufutika sizidzabwereranso.