Matraki ndiwo amatisankhila cakudya

Tikaima m'mbali mwa Kafue Road madzulo, matraki sasiya kupita. Ena acokela ku Chirundu, ena ku Kazungula, ndipo kumpoto kwa tauni ena akutsika pa Great North Road kucokela ku Nakonde. Timadandaula za utsi, ngozi ndi maenje amene amasiya mu msewu. Koma sitikamba zoti matraki amenewa ndiwo amasankha zambili zimene timadya, ndipo mimba zathu zayamba kuonetsa.

Dziko lathu lilibe doko, conco katundu wolemela amabwela pa njanji kapena pa msewu. Makolo athu anadalila njanji. TAZARA, ya makilomita 1,860 kucoka ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam, inamalizidwa mu 1975. M'kupita kwa zaka sitima zinafooka, ndipo katundu anasamukila pa matayala. Mu 2009 boda ya Chirundu inakhala yoonetsa mapepala pamalo amodzi, mu 2021 mlatho wa Kazungula unatsegulidwa, ndipo zonsezi zinapeputsa ulendo wa traki. Mu 2018 boma linaika lamulo lakuti mapelesenti 30 a katundu wolemela aziyenda pa njanji, koma aliyense amene wayendapo pa msewu wa Ndola aona kuti traki ikali kulamulila.

Manje funso ndi ili: ndi cakudya cotani cimene cimapilila ulendo wautali? Mabisiketi, manudo, maswiti, zakumwa za shuga ndi saladi. Izi zingakhale masiku pa mzele wa boda kapena miyezi mu sitolo osaonongeka. Zambili zimapangidwa konkuno ku Lusaka, koma traki ndiyo imazifikitsa pa kantemba kalikonse, ku Kanyama mpaka ku Lundazi. Matimati, lepu ndi mango sizipilila. Mu Disembala mango amaolela pansi pa mitengo ku Eastern Province, pamene ife mu tauni tigula juwisi wa mango wa m'botolo. Cimene siciola cimachipa ndipo cimapezeka pafupi, ndiye cimene timadya.

Thupi limasunga monga mafuta cakudya ciliconse cimene silinagwilitse nchito. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitilile pafupifupi magalamu 50 a shuga wothila patsiku, omwe ndi masipuni ang'ono 12. Botolo limodzi la dilinki la 500ml limafika kale pamenepo, tisanawelenge shuga wa mu tiyi ndi vitumbuwa va m'mawa.

Woyamba kulipila ndi dalaiva wa traki yemweyo. Amakhala pa mpando tsiku lonse, ndipo pa Kasumbalesa angayembekeze masiku angapo. Cakudya cili pafupi ndi chipisi, soseji ndi zakumwa zocotsa tulo. Tulo tocepa timawonjezela njala. Ambili a ife tili ndi amalume kapena alamu amene anayamba nchito imeneyi ali oonda, ndipo lelo amakwela mu traki akupuma movutikila. Tisawaseke, cifukwa moyo wathu wasiyana pang'ono cabe: minibasi, mpando wa pa nchito kapena wa m'kalasi, ndiyeno foni mpaka pakati pa usiku.

Cimene cimativuta ndi cakuti timayamikila kunenepa. Tikaona mnzathu watulutsa mimba timati zinthu zikumuyendela. Pali cifukwa cake: m'zaka zimene Edzi inatenga abale athu ambili, kuonda kunali kocititsa mantha. Koma kunenepa kwambili kumabwela ndi matenda a shuga, BP ndi sitiloko, ndipo nthawi zambili amagwila amene amadyetsa banja. Kafukufuku wa boma wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osafika zaka zisanu ndi opinimbila. Nyumba imodzi ingakhale ndi mwana wopinimbila ndi mayi wonenepa kwambili, onse akudya zokhutitsa koma zosamanga thupi.

Wina adzati palibe amene amatikakamiza kugula. Zoona. Koma munthu amene ali ndi ndalama zocepa ndi mphindi khumi za lanchi amagula cimene cili pa khomo. Kumunyoza sikumuondetsa.

Zina tingazicite tokha kuyambila lelo. Ticepetse nsima, makamaka ya bulekifasiti, ndi kuculukitsa ndiwo: cibwabwa, kalembula, bondwe, delele, impwa, kayela ndi kapenta. Timwe madzi pa cakudya, dilinki ikhale ya pa cikondwelelo. WHO imati mphindi 150 za kuyenda mwamphamvu pa mlungu ndizo zocepetsetsa kwa munthu wamkulu. Kutsika minibasi masiteshoni awili tisanafike kunyumba kungatipatse zambili mwa izo. Tikapita ku kiliniki tipimitse BP ndi shuga, ngakhale tilibe cowawa.

Zina tiyenela kuzifunsa kwa makhansala ndi aphungu athu. Mkuwa, malasha ndi feteleza zibwelele pa njanji. Misewu ya kumidzi ikonzedwe kuti ndiwo zifike mu tauni zisanafote, ndipo misika monga Soweto ikhale ndi zipinda zoziziritsa zokwanila. Malo opumulila madalaiva akhale ndi cakudya cabwino ndi popimila BP. M'makomboni mukhale tinjila ta oyenda pansi, cifukwa palibe amene angayende mphindi 30 akupikisana ndi traki.

Timakondwela tikamva kuti TAZARA ikonzedwa ndiponso kuti msewu wa Lusaka–Ndola ukukulitsidwa. Tikondwele ndithu, koma tifunsenso cimene njila zimenezi zidzatibweletsela pa mbale. Ngati tifuna kuti mango a ku Petauke afike ku Chawama mosavuta monga paketi ya mabisiketi, tiyenela kuyamba kukamba zimenezi pa misonkhano ya mu wadi ndi pa nthawi ya kampeni.