Kachasu m'madooko a ku Nkhotakota

Ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, kuli fakitale ya shuga yomwe idayamba kugwira ntchito mu 1979, ndipo pafupi nayo pali kampani ya Ethco, yomwe kuyambira mu 1982 imapanga ethanol kuchokera ku molasesi, omwe ndi madzi akuda onanda otsala pophika shuga. Ntchito ya kampaniyi siisiyana kwenikweni ndi ya mayi wotcheza kachasu kuseri kwa nyumba yake, chifukwa onse amasasitsa zinthu zotsekemera kenaka n'kuzitcheza, kutanthauza kuziwiritsa kuti nthunzi idutse mumpope wozizira n'kusanduka mowa waukali. Mayiyo amasakaniza madeya, shuga ndi madzi, nthawi zina mango kapena masuku, n'kuzisiya masiku angapo mpaka zitasasa. Chowasiyanitsa n'chakuti kampani ili ndi chiphaso ndi zipangizo zoyezera, pamene mayi uja amadalira lilime lake.

Oikira kumbuyo ntchito yotcheza kachasu amanena zoona akamati ndi bizinesi yosafuna mpamba waukulu, yomwe amayi amasiye ndi ena osowa pogwira amalipirira ana sukulu, makamaka usipa ukamaphedwa wambiri ndipo asodzi ali ndi ndalama m'thumba. Amakumbutsanso kuti boma litaletsa mowa wam'masacheti mu 2015, anthu osauka sadasiye kumwa, koma ambiri adangotembenukira ku mowa wina wotsika mtengo.

Komabe otsutsa ali ndi mfundo yolemera. Atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu, chomwe chidazika mizu ku Nkhotakota kuyambira nthawi ya Jumbe m'zaka za m'ma 1840, amadandaula za mabanja osokonekera ndi anyamata olowa m'nyanja usiku ataledzera. Nkhawa ya azaumoyo ili pa methanol, mankhwala ofanana ndi mowa omwe amachititsa khungu ngakhale kupha kumene. Zipatso zikamasasa zimatulutsa methanol wochulukirapo kuposa shuga, ngakhale kuti imfa za anthu ambiri nthawi imodzi kawirikawiri zimadza pamene wogulitsa wathiramo spiriti ya m'mafakitale kuti mowa ukalipe. Mu 2024 anthu angapo adafa mumzinda wa Blantyre atamwa mowa wotchedwa Ambuye N'tengeni.

Poona zonsezi, chiletso chokha sichingathetse kachasu m'dera lomwe nzimbe zimalimidwa pakhomo, ndipo chimangothamangitsira otcheza kutchire komwe palibe angawayendere. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidati mu 2018 pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mowa womwedwa padziko sililembedwa m'kaundula wa boma lililonse. Ndondomeko ya dziko yokhudza mowa, yomwe Malawi adakhazikitsa mu 2017, ingapindule kwambiri khonsolo ya boma itamalemba otcheza m'kaundula, mafumu n'kumaika maola ogulitsira m'madooko, ndipo a Malawi Bureau of Standards n'kumayeza mowawo, ngakhale kuti ndalama zoyendetsera ntchito yoteroyo n'zosowa.